Alick Nkhata: Woimba Amene Anaphunzitsa Gitala ya Makauboyi Zinenero za Zambia

Tsiku ndi tsiku anthu ambiri a ku Mtendere ndi ku Kalingalinga amadzera mumsewu wa Alick Nkhata popita ku nchito m'kati mwa mzinda wa Lusaka. Msewu umenewu umadutsa pa Mass Media Complex, pamene pali likulu la wailesi ya dziko lino, ndi kukafika ku Longacres. Mwini dzinalo anali muulutsi, wopeka nyimbo, woliza gitala ndiponso mtsogoleri wa gulu la oimba la pa wailesi ya Lusaka, kuyambira m'nthawi ya atsamunda mpaka dziko litalandira ufulu.

Malemu Alick Nkhata anabadwa mu 1922 ndipo anaphedwa mu 1978. Mwa oimba akale a m'dziko la Zambia, iwo ndi amodzi mwa amene moyo ndi nchito yao zimafanana kwambiri ndi za oimba a ku America a nyimbo za country, maka-maka za mtundu wochedwa honky-tonk. Kufananaku kuli pawiri. Kwina ndi kaliridwe ka gitala. Kwina, kumene kuli kwakukulu, ndi anthu amene anali kuimbiridwa: munthu wa kumudzi amene wabwera m'tauni kudzafuna ndalama, thupi lili m'komboni koma mtima uli kwao.

Kodi honky-tonk n'ciani?

Poyamba mau akuti honky-tonk anali dzina la malo omwera mowa a anthu wamba kumwera kwa America, maka-maka m'madera a Texas ndi Oklahoma. Lamulo loletsa mowa m'dzikolo litathetsedwa mu 1933, malo otere anaculuka kunja kwa matauni ndi pafupi ndi zitsime za mafuta. Ambiri mwa omwa anali anthu amene anasiya minda ya makolo ao cifukwa ca cilala ndi umphawi wa zaka za m'ma 1930.

Nyimbo zimene anthuwa anabwera nazo kucokera kumidzi zinali zoimbira pakhonde ndi m'chalichi. M'nyumba ya mowa yodzala ndi phokoso sizinali kumveka. Motero oimba anayamba kuliza gitala ya magetsi, gitala ina yogoneka imene amaitsetsereka ndi kacitsulo, ndi besi yogunda mwamphamvu kuti anthu abvine. Nkhani za m'nyimbozo nazonso zinasintha. Tsopano zinali kunena za mowa, za maukwati opasuka, za malipiro otha tsiku lomwelo, ndi za kusungulumwa kwa mlendo pakati pa khamu.

Mmodzi mwa amene anayala maziko a kaimbidwe kameneka ndi Ernest Tubb wa ku Texas, amene anabadwa mu 1914 ndi kumwalira mu 1984. Nyimbo yake ya mu 1941, Walking the Floor Over You, inali imodzi mwa nyimbo zoyamba za country zokhala ndi gitala ya magetsi zimene zinachuka dziko lonse la America. Anatsogolera gulu lake la Texas Troubadours kwa zaka pafupi-fupi 40. Wina ndi Hank Williams wa ku Alabama, mtsogoleri wa gulu la Drifting Cowboys, amene anamwalira pa 1 Januwale 1953 ali ndi zaka 29 cabe.

Koma amene amachedwa tate wa nyimbo za country ndi Jimmie Rodgers, wogwira nchito pa njanji wa ku Mississippi. Anajambulitsa nyimbo zake zoyamba mu 1927 ndipo anamwalira ndi cifuwa cacikulu mu 1933 ali ndi zaka 35. Anali kuimba za sitima, za ndende, za ulendo wosatha ndi za matenda ake omwe, ndipo anali kudziwika ndi kutembenuza mau kukhosi, kucoka pa mau aakulu kulumphira pa ang'ono.

Nyimbozi zili ndi mizu ina yocokera ku Africa. Banjo inabadwa kucokera ku zoimbira za nsambo zimene akapolo ocokera kumadzulo kwa Africa anali kupanga atafika kutsidya kwa nyanja. Hank Williams anaphunzira gitala kwa woimba wakuda wa m'misewu, Rufus Payne, ndipo Jimmie Rodgers anajambula nyimbo pamodzi ndi Louis Armstrong mu 1930. Conco pamene nyimbozi zinafika kuno, khutu la munthu wa ku Africa linapezamo zina zimene linali kuzidziwa kale.

Mmene zinafikira kuno

Njira yoyamba inali galamafoni. Kuyambira m'zaka za m'ma 1930, mbale za Jimmie Rodgers zinali kugulitsidwa m'masitolo a m'matauni a kumwera ndi kum'mawa kwa Africa. Mchona wobwerera kwao kucokera ku Johannesburg, ku Bulawayo kapena ku Salisbury, imene lero ndi Harare, anali kuoneka kuti wagwiradi nchito akafika ndi njinga, sutukesi ndi galamafoni.

Njira yaciwiri inali kanema. Kumigodi ya Copperbelt, makampani anali kuonetsa anchito ao mafilimu a makauboyi pabwalo usiku. Katswiri wa za cikhalidwe ca anthu, Hortense Powdermaker, amene anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, analemba m'buku lake la Copper Town kuti oonerera anali kuchula ngwazi ya m'filimu iliyonse ya makauboyi kuti Jack. Anyamata anatengera zipewa zazikulu ndi kayendedwe, ndipo gitala inakhala cizindikiro ca mnyamata wa m'tauni.

Zotsatira zake zinaoneka m'maiko ambiri. Mu 1950 Hugh Tracey, wosonkhanitsa nyimbo za mu Africa, anajambula pakati pa Akipsigis a ku Kenya nyimbo zochedwa Chemirocha, dzina limene ndi la Jimmie Rodgers monga mmene iwo anali kulichulira. Ku Bulawayo kunabuka George Sibanda, amene nyimbo yake ya Guabi Guabi inawoloka nyanja ndi kuimbidwanso ndi oimba a ku America monga Ramblin' Jack Elliott ndi Arlo Guthrie. Ku Nyasaland, imene lero ndi Malawi, oimba anali kugoneka gitala pamiyendo ndi kuitsetsereka ndi botolo, kaimbidwe kamene anakacha hauyani potengera dzina la zisumbu za Hawaii kumene kanayambira.

Kucokera ku Kasama kupita ku Burma

A Nkhata anabadwira ku Kasama m'cigawo ca Kumpoto. Atate ao anali Atonga ndipo amai ao anali Abemba, motero anakula akumva zinenero zingapo. Zimenezi zinadzawathandiza kwambiri pa nchito ya moyo wao wonse.

Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, imene inamenyedwa kuyambira 1939 mpaka 1945, analowa usilikali ndipo anatumizidwa ku Burma pamodzi ndi amuna ena ambiri a kuno ndi a ku Nyasaland. M'misasa ya asilikali munali kukumana anthu a mitundu yosiyana-siyana, ndipo munali magitala, mawailesi ndi mbale za nyimbo za kunja. Ambiri mwa asilikali amene anabwerako ndi moyo anabwera ndi makutu atsopano.

Nkhondo itatha, a Nkhata anagwira nchito ndi Hugh Tracey, kuyenda naye m'madera osiyana-siyana kukajambula nyimbo za makolo. Kumeneko ndi kumene anaphunzira luso la makina ojambulira mau, ndiponso luso lina loposa limenelo: kukhala pansi ndi nkhalamba ya kumudzi, kuchera khutu, ndi kumvetsa cimene nyimbo ikunena. Pofika kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950 anali atayamba nchito pa wailesi ya Lusaka monga muulutsi ndi womasulira.

Wailesi ya poto

Wailesi ya Lusaka inakhazikitsidwa ndi boma la atsamunda mu 1941, colinga cake cacikulu cili kuuza anthu nkhani za nkhondo. Pambuyo pake inakula ndi kuchedwa Central African Broadcasting Service. Inali kuulutsira anthu akuda a m'maiko atatu, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, m'Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cishona, Cindebele ndi Cingerezi.

Bvuto linali lakuti anthu wamba analibe mawailesi. Mkulu wa nthambi ya zofalitsa nkhani, Harry Franklin, anakambirana ndi kampani ya Ever Ready ya ku Britain kuti ipange wailesi yochipa yoyendera batire. Inafika mu 1949. Inali yozungulira ngati poto wophikira, yopakidwa utoto wa buluu, ndipo inadziwika ndi dzina lakuti Saucepan Special. Mtengo wake unali mapaundi 5, batire mashilingi 25, ndipo batire limodzi linali kukhala maola pafupi-fupi 300.

Kawailesi kameneka kanasintha madzulo a m'makomboni. Nyumba imene inali nako inali kusanduka bwalo, anansi atakhala pakhomo ndi pazenera. Imodzi mwa maprogramu okondedwa koposa inali yakuti Zimene Mwatifunsa, mmene omvera anali kulemba makalata kupempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale akutali. Mwa nyimbo zopemphedwa kawiri-kawiri munali za makauboyi. A Nkhata anali pamalo amene makalata otere anali kufikira, motero anali kudziwa bwino lomwe cimene mtima wa omvera unali kufuna.

Lusaka wa m'makomboni

Lusaka anakhala likulu la dziko mu 1935. Okonza mzindawu anauyala monga malo a azungu, ndipo munthu wakuda anali kuonedwa ngati mlendo wodzagwira nchito kwa kanthawi, woyenera kuyenda ndi citupa ndi kubwerera kumudzi nchito ikatha. Lamulo la mu 1948 la nyumba za anthu akuda m'matauni ndilo linatsegula njira yakuti amuna okwatira azikhala ndi mabanja ao. Matero anamangidwa ndi khonsolo kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950.

Nyumba za khonsolo sizinakwanire, ndipo zinali kupatsidwa kwa okhawo amene anali pa nchito yolembedwa. Otsala anamanga zao za zidina m'mapulazi a eni malo ndi m'mbali mwa migodi ya miyala. Umu ndi mmene anakulira makomboni onga Kalingalinga, Kanyama, George ndi Chawama, amene kale anali kuchedwa Roberts. Mtendere anabwera pambuyo, mu 1967, pamene boma linagawa mapoloti kuti anthu adzimangire okha.

M'malo amenewa Mnsenga wa ku Petauke anali kukhala khomo ndi khomo ndi Mcewa wa ku Katete, Msoli wa ku Chongwe, Mbemba, Mlozi ndi wocokera ku Nyasaland. Cinyanja cinakhala cinenero cokumanirapo. Mowa wololedwa unali wa ku holo ya khonsolo, koma amai ambiri anali kufulula wao mobisa kuti apeze ya ndiwo ndi ya sukulu ya ana, ndipo kumapeto kwa sabata kunali magule a gitala ndi galamafoni. Awa ndiwo anali ma honky-tonk a Lusaka, ngakhale kuti panalibe amene anawacha dzina limenelo.

Mafunso a anthu a m'makomboniwa anali ofanana ndi a anzao a ku Texas. Kodi mkazi amene ndinamusiya kumudzi adzandidikira? Kodi ndalama imeneyi ikupita kuti? Kodi mwana wobadwira m'tauni adzadziwa mwambo? Kodi ndikafera kuno adzandiika ndani?

Kaimbidwe ka a Nkhata

Pa wailesi a Nkhata anayambitsa kagulu ka oimba anai kodziwika ndi dzina lao. Kagulu kameneka kanakula ndi kukhala Lusaka Radio Band, imene pambuyo pake inachedwa Big Gold Six. Nchito ya gululi inali kuimba pa wailesi, kuperekeza oimba ena, ndi kutenga nyimbo za kumidzi kuzikonza kuti ziimbidwe ndi zoimbira zamakono.

Womvera nyimbo zao lero angazindikire msanga zimene anatenga kwa makauboyi. Cala cacikulu cimayenda pa nsambo zazikulu za gitala mosinthana, pamene zala zina zikutola nyimbo pa nsambo zazing'ono. M'nyimbo zina mumamveka gitala yotsetsereka, yolira ngati munthu wosiyidwa. Mau a woimba ndi ofatsa, osakuwa, ngati a munthu amene akukuuza nkhani muli awiri. Nyimbo ndi zazifupi, za mphindi pafupi-fupi zitatu, cifukwa mbali imodzi ya mbale ya galamafoni ya masiku amenewo inali kukwana zomwezo.

Zimene anaonjezapo ndizo zinawapanga kukhala a Nkhata. Coyamba ndi cinenero. Anaimba kwambiri m'Cibemba, komanso m'Cinyanja ndi m'zinenero zina za dziko lino. Zinenero zathu zili ndi kukwera ndi kutsika kwa mau kumene kumasintha tanthauzo, kotero woimba sangangotenga cuni ca kunja ndi kuikamo mau a kwao. Ayenera kupinda cunico kuti citsate mau. Luso limeneli ndilo limacititsa kuti nyimbo zao zimveke za kuno ngakhale gitala ikulira ca ku America.

Caciwiri ndi kuimba pamodzi. Woimba wa honky-tonk kawiri-kawiri amaima yekha kudandaula za iye mwini. Kwa a Nkhata mtsogoleri amayambitsa, anzake n'kubvomera, monga zimakhalira pamtondo, pamaliro ndi pabwalo la gule. Mau a amuna angapo amalukana mosalala, umboni wa kwaya za m'mishoni ndiponso wa magulu a oimba anai-anai a ku America ndi ku South Africa amene anali kumveka masiku amenewo.

Cacitatu ndi udindo wa woimba. M'mwambo wa kuno woimba ndi mlangizi, ndipo amaloledwa kunena m'nyimbo zimene sizinganenedwe pamaso. Nyimbo za a Nkhata zimaseka ndi kudzudzula makhalidwe a m'tauni: mnyamata wokonda zobvala koma wosasamala kwao, cikondi cotsata thumba, mowa wopasula banja. Woimba wa ku Texas amati taonani mmene ndabvutikira. Wa ku Lusaka amati taonani mmene tikukhalira, ndipo amasiya womvera aseke kenaka adzifunse.

Maina a nyimbo zao okha amasonyeza kukula kwa dziko limene anali kuimbira. Shalapo ndi mau a Cibemba otsazikira munthu amene akutsala, mau a pa siteshoni ya sitima ndi ya basi. Taxi Driver ndi ya munthu watsopano wa m'tauni, woyendetsa galimoto ya hayala. Imbote ndi dzina la mowa wa uci. Kalindawalo ni Mfumu imachula mfumu yaikulu ya Ansenga a ku Petauke. Munthu mmodzi anali kuimba za mfumu ya kumudzi ndi za dalaivala wa m'tauni ndi gitala imodzimodzi, cifukwa omvera ake anali kukhala m'maiko awiriwo nthawi imodzi.

Pakati pa boma ndi anthu

Nchito ya pa wailesi inali ndi minga yake. Wailesiyo inali ya boma la atsamunda, ndipo oimba ake anali kupemphedwanso kupeka nyimbo zophunzitsa anthu zimene boma linali kufuna, monga za ulimi, ukhondo ndi maphunziro. Zambiri mwa zimenezo zinali zothandiza. Koma mu 1953 Britain anagwirizanitsa maiko atatu aja m'Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, cimene anthu akuda a kuno anacikana kwa mtu wa galu. Aulutsi akuda anali kuwerenga nkhani zolembedwa ndi boma lomwelo.

Anthu ena anayamba kuwakayikira. Peter Fraenkel, amene anagwira nchito pa wailesiyo ndi kulemba buku lochedwa Wayaleshi mu 1959, anafotokoza mmene mphekesera za banyama, anthu amene amati amagwira anzao ndi kuwacotsa magazi, zinafalikira m'masiku amenewo mpaka kukhudza aulutsi a pa wailesi. Munthu amene dzulo anali kukondedwa cifukwa ca mau ake anali kutha kuopedwa lero cifukwa ca mau omwewo. Mu 1958 wailesiyo inalowa m'manja mwa bungwe la Citaganya la Federal Broadcasting Corporation.

Aulutsi a m'badwo umenewo anayenda panjira yopapatiza, ndipo ambiri anaika luso lao kumbali ya ufulu. A Andreya Masiye, odziwika ndi programu ya Cinyanja ya Kabvulumvulu, anapita ku Dar es Salaam kukaulutsa mau a cipani ca UNIP kucokera kumeneko. A Nkhata naonso anapeka ndi kuimba nyimbo zocirikiza UNIP ndi ufulu wa dziko. Citaganya cinatha kumapeto kwa 1963, ndipo Zambia analandira ufulu pa 24 Okutobala 1964.

Ufulu utabwera

M'dziko latsopano a Nkhata anakwera kufika pa maudindo a utsogoleri pa wailesi ya dziko, imene kuyambira 1966 inali kuchedwa Zambia Broadcasting Services, ndiponso anatsogolera nthambi ya boma yoona za cikhalidwe. Funso limene linali patsogolo pao linali lalikulu: kodi dziko la mitundu 73 lidzamveka bwanji pa wailesi imodzi? Yankho lao linali lomwe lija anali atalipeza kale ndi gitala, lakuti nyimbo ya mtundu umodzi ikakonzedwa bwino imakhala ya onse.

Pakati pa zaka za m'ma 1970 mtsogoleri wa dziko, a Kenneth Kaunda, analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za oimba a m'Zambia. Lamuloli linapatsa mphamvu magulu a acinyamata a Zamrock monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family ya a Paul Ngozi. M'zaka za m'ma 1980 kalindula anatenga malo, ndi oimba monga a P.K. Chishala ndi gulu la Amayenge. Kalindula ndi gule wa kumudzi woimbidwa ndi magitala a magetsi, wodzala ndi nkhani ndi malangizo. Njira imeneyi inali italambulidwa kale ndi Lusaka Radio Band.

Pofika nthawi imeneyo a Nkhata anali atapuma pa nchito. Pakati pa zaka za m'ma 1970 anasamukira ku pulazi yao ku Mkushi m'cigawo ca Pakati, kukhala mlimi. Munthu amene anaimba zaka zambiri za kulakalaka kumudzi anali atabwerera ku nthaka.

Imfa ku Mkushi

Masiku amenewo Zambia anali kusunga omenyera ufulu a maiko oyandikana nawo. Cipani ca ZAPU ca a Joshua Nkomo cinali ndi likulu lake mu Lusaka, ndipo asilikali ake a ZIPRA anali ndi misasa m'madera angapo a dziko lino. Pa 3 Sepitembala 1978 asilikali a ZIPRA anagwetsa ndeke yonyamula anthu ya Air Rhodesia itangonyamuka ku Kariba. Boma la Ian Smith linabwezera.

Pa 19 Okutobala 1978 ndeke ndi asilikali a Rhodesia analowa m'Zambia. Anaphulitsa msasa wa Chikumbi, wodziwikanso kuti Freedom Camp, kumpoto kwa Lusaka, ndipo tsiku lomwelo anaukira msasa wa ku Mkushi, mmene munali atsikana ndi amai ambiri a ZIPRA amene anali pa maphunziro. Anthu mazana-mazana anafa. Pulazi ya a Nkhata inali pafupi ndi msasa wa ku Mkushi, ndipo iwo anaphedwa pa ciwembu cimeneco. Panali patatsala masiku asanu kuti dziko likondwerere zaka 14 za ufulu.

Wailesi imene a Nkhata anaigwirira nchito m'zaka za m'ma 1950 inali kumveka mpaka ku Bulawayo ndi ku Salisbury, kotero mau ao anali odziwika m'nyumba za anthu a dziko lomwelo limene nkhondo yake inadzawapha. Zimbabwe analandira ufulu pa 18 Epulo 1980, patapita caka ndi theka.

Zimene anasiya

Cikondi ca anthu a kuno pa nyimbo za country sicinathe. Pambuyo pa Jimmie Rodgers panabwera Jim Reeves, amene anayendera South Africa mu 1962 ndi kufa pa ngozi ya ndeke mu 1964, kenaka Skeeter Davis, Charley Pride, Dolly Parton, Kenny Rogers ndi Don Williams, amene anaimba ku Harare mu 1997. M'nyumba zambiri za ku Matero, ku Chawama ndi ku George, nyimbo za oimba amenewa ndi zimene ana anakula akuzimva Lamulungu m'mawa, atate akupukuta nsapato za ku chalichi. Zimakondedwa pa zifukwa zomwe zija: mau omveka bwino, nkhani yokhala ndi mutu, ndi cisoni cimene munthu wamkulu angathe kucimvera popanda manyazi.

Cimene a Nkhata anasonyeza n'cakuti munthu angathe kukonda nyimbo za eni ake popanda kukhala kapolo wa nyimbozo. Anatenga cida ca mlendo ndi kulimira m'munda wa kwao. Oimba a lero amene amasakaniza zoimbira za pa kompyuta ndi Cinyanja ca m'komboni akucita nchito yofananayo, kaya dzina la a Nkhata akulidziwa kaya ai.

Nyimbo zao zambiri zinajambulidwa pa mbale zosacedwa kusweka ndi pa matepi amene amaonongeka ndi cinyezi ndi kutentha. Mu 1991 kampani ya RetroAfric ya ku London inasonkhanitsa zina mwa nyimbozo ndi kuzitulutsa pa cimbale cochedwa Shalapo, ndipo cimbale cimeneci ndico cinadziwitsa anthu a maiko akutali za iwo. Nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula m'dziko lino ndi m'maiko ena zimasungidwa ku International Library of African Music, nkhokwe imene anaikhazikitsa mu 1954, ndipo tsopano ili pa Rhodes University ku South Africa.

Anthu amene anamva a Nkhata akuimba pa wailesi ya poto ali ana, lero ndi agogo a zaka za m'ma 80. Iwo ndiwo angathe kumasulira miyambi ya m'nyimbozo ndi kunena cimene anthu anali kuseka pamene nyimbo yakuti-yakuti inali kulira. Mbale yosungidwa bwino ingakhale zaka zina zambiri, koma omasulira amenewa akucepa caka ndi caka, ndipo nchito yowafunsa ili m'manja mwa aulutsi, aphunzitsi ndi adzukulu ao.